Malangizo a ulendo wa tsiku limodzi kuchoka ku Blantyre kupita ku phiri la Mulanje m'nyengo yozizira

Chaka chilichonse, mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto ndipo majuzi akayamba kutuluka m'masutikesi, funso limodzi limandipeza kuchokera kwa anzanga a kuntchito, kwa amayi a kumpingo, ngakhalenso kwa ana a alongo anga amene akufuna kutengana ndi anzawo a kusukulu. Onse amafunsa ngati n'zotheka kunyamuka ku Blantyre m'mawa, kukayenda m'phiri la Mulanje ndi munthu wodziwa njira, n'kudzagona kunyumba tsiku lomwelo. Amafunsa ine chifukwa kwathu ndi kumunsi kwa phirilo, mbali ya ku Phalombe, ndipo ndaperekezapo magulu angapo. Ndayankha pafoni mpaka mawu anga ndawaloweza, choncho ndaganiza zongolemba kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizimupatsa zomwezi.

N'zotheka ndithu, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi ndi nthawi yabwino yoyendera phirili, chifukwa njira zimakhala zitauma, mitsinje itaphwa, dzuwa silipweteka, komanso utsi wa moto wa tchire umene umaphimba mapiri mu Sepitembala ndi Okutobala umakhala usanayambe. Koma nyengo yomweyi ili ndi zinthu ziwiri zimene anthu a m'tauni amazipeputsa: tsiku limafupika, ndipo chiperoni chimafika osagogoda. Zonse zimene ndalemba m'munsimu zachokera pa zinthu ziwirizi.

1. Sankhani malo amodzi okha amene tsiku limodzi lingakwanitse

Cholakwika choyamba chimachitikira ku Blantyre komwe, pamene gulu likugwirizana kuti "tikakwera Mulanje" popanda wonena kuti tikafika pati. Mulanje ndi dziko lonse la pamwamba, lokhala ndi zigwa, mitsinje ndi nsonga zambiri, ndipo amene amalidziwa bwino amayendamo masiku angapo akugona m'nyumba za alendo monga ya Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani. Inu muli ndi tsiku limodzi, ndiye kuti zosankha zanu zenizeni ndi ziwiri.

Choyamba ndi Dziwe la Nkhalamba, dziwe lalikulu limene lili pansi pa mathithi a mtsinje wa Likhubula. Kuchokera pa Likhubula, malo a m'munsi mwa phiri pamene njira zokwerera zimayambira, mumayenda ola limodzi kapena limodzi ndi theka, chitunda chilipo koma n'chopirira, ndipo gulu losakanikirana la ana, achinyamata ndi akuluakulu limatha kufika n'kubwerako masana asanapendeke. Ngati gulu lanu likupita koyamba, sankhani kumeneku ndipo musachite nako manyazi.

Chachiwiri ndi chigwa cha Chambe, chimene chili pamwamba penipeni, pansi pa thanthwe lalikulu la nsonga ya Chambe. Kumeneku mumakwera mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa Likhubula, ndipo munthu wamphamvu zake zimamutengera maola atatu kapena anayi. Njira zake zodziwika ndi ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ndipo dzina lake linachokera ku chingwe chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje ndipo imadutsa kufupi ndi mathithi aja. Ambiri amakwerera ina n'kutsikira inzake. Ulendo umenewu umatheka pa tsiku limodzi ngati gulu ndi laling'ono, lozolowera kuyenda, ndipo layamba kukwera 8 koloko isanakwane.

Sapitwa muichotse m'maganizo. Ndiyo nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi, mamita 3,002, ndipo oikwera amayamba agona pa Chisepo n'kulawirira m'bandakucha. Dzina lake likunena lokha. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitirira yekha kumeneko, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Munthu akakulonjezani kuti akufikitsani pa Sapitwa n'kukubwezani ku Blantyre tsiku lomwelo, dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi.

2. Sankhani tsiku, ndipo musiye tsiku lina lapadera

Chiperoni ndi nyengo ija ya nkhungu, mphepo yozizira ndi mvula yowaza, imene imabwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, kunyanja yamchere. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene anthu akale ankaona mitambo ikuyambira. Ku Blantyre chiperoni chimangotikakamiza kuvala jekete ndi kuyanika zovala m'nyumba, koma m'phiri chimabisa njira, chimanyowetsa miyala mpaka kuterera ngati sopo, ndipo chikhoza kukhala masiku awiri, atatu kapena kuposerapo. Tsatirani zimene a nthambi yoona zanyengo akulengeza pawailesi sabata ya ulendo wanu, komabe mawu omaliza akhale a munthu amene ali pa Likhubula, chifukwa iye akatuluka panja n'kukweza maso amaliona phirilo. Muimbireni madzulo a tsiku loti mawa ulendo, ndiponso m'mawa musanakwere galimoto.

Uzani gulu kuyambira pachiyambi kuti tsiku likhoza kusintha, ndipo tsiku linalo likhale lodziwika kale. Gulu limene lasonkha ndalama, laphika mpunga ndipo lauza abale onse kuti likupita ku Mulanje silifuna kumva za nkhungu, choncho ndi bwino kuti mawu amenewa alowe m'makutu mpunga usanaphikidwe. Ngati mukufuna bata, pewani tchuthi cha pa 6 Julayi komanso tsiku la mpikisano wothamanga m'phiri wa onyamula katundu, umene kawirikawiri umachitika mu Julayi kuyambira pa Likhubula pomwepo. Mpikisanowo ndi wosangalatsa kuonera, koma tsiku limenelo ambiri mwa odziwa njira amakhala otanganidwa.

3. Pezani wolondolera njira wodziwika

Kumeneko wolondolera alendo amangomuti gaidi, ndipo ndi wosiyana ndi wonyamula katundu, ngakhale kuti magaidi ambiri anayamba ndi kusenza zikwama za alendo. Njira zomupezera ndi ziwiri. Mukhoza kulipira kampani ya zokopa alendo ya ku Blantyre kuti ikonze zonse, galimoto ndi gaidi yemwe, kapena mukhoza kupeza galimoto nokha n'kukatenga gaidi pa ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula, pamene magaidi ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo ndipo amagwira ntchito mosinthana motsatira mndandanda. Njira yachiwiriyi ndi yotsikirapo mtengo ndipo ndalama zimafika m'manja mwa mwini thukuta. Yoyambayo imakupeputsani pa zokonzekera, koma imaika munthu wapakati pakati pa inu ndi amene adzakutsogolereni m'nkhungu.

Mukafika pa Chitakale, pamene msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukira, anyamata adzathamangira galimoto yanu, aliyense akunena kuti ndi gaidi. Ena ndi oona ndithu, koma pamsewu palibe pozindikirira. Ayankheni mwaulemu kuti mwakonza kale, ndipo amene akuti ndi wa m'bungwe mumuuze kuti mukakumane pa ofesi. Gulu likaposa anthu asanu ndi atatu, tengani magaidi awiri, wina patsogolo wina pambuyo. Ndalama yowonjezerayo mudzaona phindu lake pamene munthu mmodzi watopa ndipo akufunika womuperekeza pobwerera.

4. Gwirizanani zonse musanaponde phiri

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa malangizo ambiri amangoti "kambiranani mtengo ndi gaidi" n'kudumphira ku nsapato, pamene maulendo ambiri amene ndawaona akuwonongeka anawonongekera pomwepa. Ife Amalawi timaona ngati kufunsitsa za ndalama ndi za nthawi pamaso pa munthu amene tangokumana naye n'kupanda ulemu. Gaidi nayenso amaona ngati kuuza bwana wochokera m'tauni kuti "simungathe" kapena "tibwerere" n'kumunyoza, komanso amaopa kuti kangachepe ka pamapeto kamuphonya. Ndiye aliyense amangomwetulira mnzake, gulu n'kumakwera, mpaka dzuwa n'kupendeka popanda amene watsegula pakamwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la m'phiri amalidyera mumdima.

Ine ndinaphunzira izi movutika. Chaka china mu Julayi ndinatsogolera gulu la kumpingo kwathu kudzera ku kampani ina ya m'tauni, imene tinailipira zonse pasadakhale. Galimoto inachedwa, tinayamba kuyenda cha m'ma 10 koloko, ndipo titafika pa mathithi achinyamata anati Chambe ili pafupi, tipitirire. Ndinayang'ana gaidi, iye anayang'ana pansi n'kunena kuti zili kwa ife. Cha m'ma 2 koloko nkhungu inakwera kuchokera m'chigwa ngati utsi wa pa ng'anjo ya njerwa, ndipo pasanapite nthawi munthu wachitatu patsogolo panga sindinkamuonanso, ndinkangomva mawu ake. Tinatembenuka mochedwa. Mayi wina wachikulire nsapato yake inamatuka pansi, gaidi anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje cha mayiwo n'kuimanga, ndipo tinatsika pang'onopang'ono ndi matochi a pafoni, amene m'nkhungu amangoonetsa khoma loyera kutsogolo kwa mphuno. Tinafika pa galimoto 7 koloko itadutsa, tili chinyowere, ndipo pomwepo m'pamene gaidi anandinong'oneza kuti kampani ija inamuuza kuti malipiro ake adzachokera kwa ife. Munthu amene anatitsitsa amoyo anaima pamdima kudikira kuti tisonkherane makwacha otsala m'matumba. Manyazi a usiku umenewo ndiwo anandiphunzitsa mafunso otsatirawa.

Funso loyamba ndi lakuti ndalama imene mwatchulirana ikuphimba chiyani. Tchulani chimodzichimodzi: galimoto ndi mafuta, malipiro a gaidi, ndalama yolowera m'nkhalango ya munthu aliyense, malo osiyapo galimoto ndi woiyang'anira, komanso chakudya. Ngati mwadzera ku kampani, pemphani kuti izi zilembedwe ngakhale pa WhatsApp, ndipo mukafika pa Likhubula mufunse gaidi mwiniwake, pambali, kuti, "Achimwene, za malipiro anu anakuuzani kuti zikuchokera kuti?" Mitengo muifunse sabata yomweyo ya ulendo, chifukwa kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mnzanu analipira chaka chatha sungakuthandizeni. Musapereke ndalama zonse pasadakhale. Perekani chikole cha galimoto, ndipo mugwirizane chimene chidzachitike ndi chikolecho ngati chiperoni chalepheretsa ulendo.

Funso lachiwiri, limene ndi lalikulu kuposa onse, ndi la nthawi yotembenukira. M'miyezi imeneyi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko ndipo limalowa 5 koloko itangodutsa pang'ono, cha m'ma 5:15, ndipo pofika 5:40 kwada. M'nkhalango ndi m'zigwa mdima umayamba msanga kuposa pamenepo. Muwerengere chobwerera m'mbuyo. Mukufuna kukhala muli pa galimoto pofika 4:30, kuti ngati wina wapweteka bondo mukhale ndi kadzuwa kotsala. Musakhulupirire zoti kutsika n'kwachangu, chifukwa kwa munthu wosazolowera kutsika kumatenga nthawi pafupifupi yofanana ndi kukwera, poti maondo amanjenjemera ndipo phazi lililonse limasankha mwala wopondapo. Ngati mwayamba 8 koloko, ndiye kuti pofika 12 koloko muyenera kukhala mutafika kumene mukupita, mudye, ndipo pofika 12:30 mukhale mutayamba kutsika. Ngati mwayamba 10 koloko, Chambe yakukanani tsiku limenelo, ndipo Dziwe la Nkhalamba likukwanirani.

Nthawi imeneyi isakhale chinsinsi cha inu ndi gaidi. Musanayambe kuyenda, sonkhanitsani gulu lonse, gaidi ali pomwepo, ndipo mulankhule momveka kuti, "12:30 ikakwana, paliponse pamene tafika, tikutembenuka. Nkhungu ikayamba kukwera ndipo bambo awa akanena kuti tibwerere, tikubwerera, ndipo palibe zokambirana." Kenako tembenukirani kwa gaidi, anthu onse akumva, mumuuze kuti malipiro ake ndi athunthu kaya mwafika kaya simunafike. Mawu omalizawa ndiwo amamasula lilime lake. Gaidi amene akudziwa kuti kubweza gulu sikumudyera ndalama amalankhula zoona nthawi idakalipo, pamene amene akuopa kuluza amangoti "tatsala pang'ono" mpaka madzulo. Ndipo "pang'ono" wa munthu amene anakulira m'phirimo, amene anazolowera kuona anthu akutsika ndi matabwa pamutu opanda nsapato, si "pang'ono" wa munthu wokhala pa desiki ku Ginnery Corner. Mufunseni maola, ndipo muwonjezerepo theka la amene watchulawo.

Funso lachitatu ndi la munthu wochedwa kuposa onse. Gulu lililonse lili naye, ndipo kawirikawiri sadziwika mpaka chitunda choyamba. Gwirizanani kuti liwiro la gulu ndi liwiro lake, kuti palibe wodutsa gaidi wa patsogolo, ndiponso kuti wotopa sabwerera yekha ngakhale atanena kuti njira akuikumbukira, chifukwa njira za m'munsi mwa phiri zimasakanikirana ndi tinjira ta otola nkhuni, ndipo pobwerera zonse zimaoneka zofanana. Ngati muli ndi gaidi mmodzi yekha, mmodzi akabwerera ndiye kuti nonse mwabwerera. Uzaninso gaidi mwakachetechete ngati m'gulu muli wodwala mphumu, shuga, mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo wodwalayo anyamule mankhwala ake m'thumba la iye mwini, osati m'chikwama chotsala m'galimoto.

Chomaliza ndi chaching'ono koma chimaonetsa khalidwe: gaidi adya chiyani? Ambiri sanyamula kanthu ndipo sapempha. Muwerengereni pa chakudya cha gulu ngati mmodzi wa inu.

5. Nyamukani kusanache

Kuchokera ku Limbe misewu ndi iwiri. Wa Midima, umene unapatsidwa dzina la Robert Mugabe, ndi wachidule ndipo umadutsa ku Bangwe ndi pa Nkando. Wina umadzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, ndi wotalikirapo ndi wokhotakhota, koma ndiwo umadutsa m'minda ya tiyi. Popita dzerani Midima, chifukwa m'mawa mphindi iliyonse ndi ya phiri, komanso mapiri a ku Thyolo amasunga nkhungu m'mawa kwambiri. Werengerani ola limodzi ndi theka kapena awiri kuti mufike pa Likhubula, pamene pali makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale. Ndiye kuti galimoto iyenera kuchoka 5:30, ndipo gulu muliuze 5 koloko. Mafuta muthire dzulo lake ku Blantyre okwanira kupita ndi kubwera, poti tonse tikudziwa m'mene mizere ya pa malo omwetsera mafuta imayambira mosachenjeza.

Ngati mukuyenda pa minibasi kuchokera pa depoti ya Limbe, kumbukirani kuti minibasi imanyamuka ikadzaza ndipo imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Mukatsika pa Chitakale mudzafunika kabaza kapena galimoto ina yopita cha ku Phalombe. Ulendo woterewu ndi wokwanira Dziwe la Nkhalamba lokha, ndipo pobwerera mukhale muli pa Chitakale dzuwa likadali m'mwamba.

6. Valani zosanjikiza, nyamulani zochepa

Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo pamwamba pa phirili mu Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu choyeretsa udzu. Komabe cholakwika chofala ndi kuvala chijasi chimodzi cholemera. Mukayamba chitunda mumatuluka thukuta, malaya amanyowa, ndipo mukaima kuti mupume mphepo imakulowani mpaka m'mafupa. Valani malaya opepuka, juzi pamwamba pake, ndi jekete yosalowa madzi imene mungaivule n'kuipinda. Ikani malaya ena ndi masokosi ouma m'jumbo, mkati mwa chikwama chobereka kumsana. Chipewa chofunda chisatsale, ndipo amayi chitenje chidzakuthandizani pofunda, pokhalira ndi posinthira zovala.

Nsapato zikhale zotseka, za mphira wogwira pansi, ndipo zikhale zoti mwayendapo kale. Nsapato yatsopano yogulira ulendowu imatulutsa matuza musanafike pa mathithi, ndipo ya pa kaunjika imene yakhalitsa m'kabati muipinde ndi manja kunyumba kuti muone ngati guluu wake akadagwira. Patapata ndi nsapato za kuofesi zitsale.

Munthu aliyense anyamule madzi osachepera malita awiri, chifukwa kukazizira ludzu silimveka koma thupi limauma ndithu. Chakudya chikhale chosafuna moto: mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza, nthochi, buledi, manachesi amene nyengo ino ali mbwee m'misewu, ndi fulasiki ya tiyi wa shuga, imene pamwamba paja imasanduka chuma. Gulu likhale ndi matochi enieni awiri kapena atatu, bandeji ndi mankhwala opha ululu. Ndalama zikhale za m'manja ndi zosinthasintha, chifukwa netiweki m'phiri imabwera n'kuthawa, Airtel Money kapena Mpamba sizingadaliridwe pa nthawi yolipira, ndipo mayi wogulitsa nthochi sangakupezereni chenji cha K5,000 m'mawa.

7. Pa Likhubula ndi m'njira

Lembetsani mayina pa ofesi, nenani kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerera, lipirani ndipo mutenge lisiti. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Kwa anthu amenewa phirili ndi mokhala mizimu ya makolo. Gaidi akakuuzani kuti pamalo ena musakuwe kapena musatukwane, mverani, kaya inu mumakhulupirira zimenezo kaya ayi. Mudzamvanso za Napolo, chinjoka chimene akuluakulu amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka ndi miyala. Anthu a ku Phalombe amakumbukira chigumula cha mu Marichi 1991, ndipo mabala amene namondwe Freddy anasiya mu Marichi 2023 akuonekabe m'mbali mwa phiri ngati mizere yoyera ndi yofiira. Nkhani imeneyi musaiseke, chifukwa amene akukufotokozeraniyo mwina anaika m'bale wake m'manda chifukwa cha madzi omwewo. Namondweyo anasinthanso njira zina ndi powolokera mitsinje, choncho ngakhale munapitako zaka zapitazo, musadalire zimene mukukumbukira kuposa gaidi.

Pozungulira pa Likhubula mudzaona ogulitsa timabokosi ndi ndodo zonunkhira za mkungudza, umene kumeneko amangouti sida. Uwu ndi mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe m'phiri lino lokha, ndipo mitengo yake ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozemba, moti a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zatsopano. Ine sindigula, ndipo ndimapempha gulu langa kuti ndalama yomweyo igule zinanazi kapena iwonjezere pa kangachepe ka gaidi. Musakoleze moto paliponse m'njira, poti udzu wa nyengo ino umayaka ndi kamoto kakang'ono chabe, ndipo botolo ndi jumbo iliyonse imene yakwera itsikenso. Mukakumana ndi amayi osenza nkhuni, patukani ndinu, perekani moni, ndipo musawajambule musanapemphe.

Pa Dziwe la Nkhalamba chenjezo langa ndi limodzi ndipo ndi lolimba. Madzi ake ndi akuya, ndi ozizira moti miyendo imachita dzanzi m'kanthawi kochepa, ndipo anthu anamirapo. Kudziwa kusambira kunyanja ya ku Mangochi si chitsimikizo, chifukwa madzi ozizira amakoka minofu ndi kubanikitsa mpweya munthu akangodumphiramo. Wosadziwa kusambira akhale pa miyala youma, ana akhale pafupi ndi dzanja la wamkulu, ndipo mowa usayandikire pamenepo. Miyala yakuda yonyowa ili ndi ndere, ndipo ambiri amene amagwa amagwa akubwerera cham'mbuyo kuti chithunzi chikwane.

8. Kutsika ndi kubwerera

Nthawi imene munagwirizana ikakwana, inu mtsogoleri ndinu woyamba kuimirira ndi kubereka chikwama, musadikire kuti gaidi akukumbutseni. Padzapezeka wina wonena kuti kwatsala mphindi khumi zokha, ndipo yankho lake n'lakuti tinagwirizana pansi paja. Potsika siyani mpata pakati pa munthu ndi mnzake kuti woterereka asagwetse wa patsogolo, ndipo nkhungu ikakupezani, yandikiranani, muziwerengana pafupipafupi, ndipo pasakhale wopatuka ngakhale kukataya madzi osauza mnzake.

Mukafika pansi, dziwitsani a pa ofesi kuti mwatsika nonse. Lipirani gaidi m'manja mwake, pamaso pa mboni imodzi ya m'gulu, ndipo kangachepe mukapereke padera kuti adziwe kuti ndi kothokoza. Sungani nambala yake ngati wakuyendetsani bwino. Sinthani malaya onyowa musanakwere galimoto.

Ngati mwachoka pa Likhubula 4 koloko isanakwane, bwererani kudzera ku Thyolo. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo minda ina ya ku Thyolo, monga ya Satemwa imene inayamba mu 1923, yadutsa zaka 100. Nyengo ino othyola amakhala ochepa chifukwa tiyi wambiri amathyoledwa nthawi ya mvula, ndipo minda ina mudzaipeza itaduliridwa, koma dzuwa la madzulo likawomba pa mizere yobiriwira, phiri lili kumbuyo kwanu, mudzapempha dalaivala kuti aime. Mukachedwa kuposa pamenepo, dzerani Midima ndipo dalaivala ayende mofatsa, chifukwa kukangoda msewuwo umadzaza ndi njinga zopanda nyali zonyamula makala ndi nzimbe, komanso anthu ochokera m'misika. Zinanazi mugule pa Chitakale kukadali kowala, kuti muzitha kuona zimene mukusankha.